Gitala ya a Fanwell ndi Sayirini ya ku Mgodi

A Fanwell Njovu a ku Chamboli ku Kitwe anaimba gitala m'kwaya ya parishi yawo zaka makumi atatu popanda wowafunsa dzina la kiyi ya nyimbo, mpaka kunabwera Mayi Peggy, mtsogoleri watsopano, amene anawauza pamaso pa anthu kuti Lamlungu akati "G" alandire G, apo ayi gitala igwire wina. Zinawawawa zedi akuluwa, moti Loweruka masana analola, mtima usakufuna, kuti mkamwini wawo Terence, kalaliki wa ku Ndola wophunzira gitala pa foni ndi m'buku, adzawaonetse kumene G ameneyu amakhala.

Terence anakhala patali pa kampando, nkumaloza gitala ndi kandodo, poti dzanja la apongozi silikhudzidwa.

"Atate, waya wonenepa wapamwambayo ndi E."

"Ameneyu ndi Kapitawo," anatero a Fanwell. "Akayankhula iye, anzake amatsatira."

"M'buku ndi E."

"Bukulo linamudziwa liti? Ine ndili naye kuyambira mkazi wanu Leah ali ku pulaimale."

Terence analoza khosi la gitala ndi kandodo. "Mukadina mzere woyamba pa khosi la gitalapo, E asanduka F. Wachiwiri, F shapu. Wachitatu, G."

"Taimani. F ali ndi shapu wake. Nanga E?"

"Alibe, atate. E ndi B alibe."

"Anawalanda ndani?"

"Anabadwa choncho."

"Eya, ndi mmene ankatiuzira kumgodi, ena akalandira mabuti atsopano ife ayi."

Anadina mzere wachitatu uja mokwiya nakhwekhwereza waya. Terence anayang'ana foni yomwe anaiika pansi pakati pawo kuti izimva mawu a gitala, nakanda kumutu. Mkamwini sauza apongozi kuti mwalakwa, ndiye anazungulira.

"Foni ikuona mosiyana pang'ono, atate."

"Ikuti chiyani?"

"Ikuti muli pa E."

"Si E tamusiya kumbuyo uyu?"

"Tikadali pa iye."

"Foniyo imapemphera kuti?"

"Sipemphera, atate."

"Nanga za Misa ikuzidziwira kuti?"

Terence anaganizira funsolo mozama, kenako anafunsa lake. "Kodi gitalayi mumachuna ndi chiyani?"

"Ndi sayirini ya ku shafuti ya mgodi, ya sikisi m'mawa. Ikalira, Kapitawo amayankha mawu omwewo."

"Koma Leah akuti sayiriniyo inaleka kulira inu musanapume pantchito."

"Kunja inaleka. Muno imalira." Anagogoda mutu ndi chala, natseka maso. "Huuuuu."

"Bwerezaninso, atate." Terence anasendeza foni ndi kandodo. "Ikuti sayirini ikutsika."

"Ayi, mukwai. Sayirini yotsitsa anthu masauzande pansi pa nthaka ingatsike yokha?"

Zoona zake, tinene pano poti Terence sakanatha, nzakuti sayiriniyo inkakalamba limodzi ndi mwini mutu. Chaka ndi chaka inkatsika pang'ono, gitala nkutsatira, kwaya nkutsatiranso, mpaka amayi a mawu okwera ankachita kukumba mawu m'mimba, mitsempha ya m'khosi ili njo. Mpingo wonse unkadziwa, koma munthu woimba pa maliro a aliyense ndani akanamuuza?

"Mupotoze kachitsulo ka kumutu kwa gitalako, atate, mpaka foni ionetse zobiriwira."

"Kapitawo sapotozedwa."

"Ndiye G safika."

A Fanwell anakumbukira nkhope ya Mayi Peggy, ndi mpando wawo wa pafupi ndi guwa umene unali utatenga kale maonekedwe a matako awo. Anapotoza.

"Pang'ono," anatero Terence. "Pang'ononso."

"Akubuula."

"Foni ikadali yofiira."

"Mkamwini, pansi pa mgodi mwala ukalira timathawa. Sitifunsa foni."

"Kotala yokha, atate."

Thwa! Kapitawo anaduka, nakwapula a Fanwell padzanja, nkulendewera. Nkhuku imene inkatola zakudya pakhonde inathawa. Akuluwo anayang'ana wayayo nthawi yaitali, ndipo chisoni chinawagwira chenicheni.

Terence anapisa m'thumba, natulutsa kaenvulopu, nakaika pansi ndi manja awiri. "Ndabweretsa watsopano. Buku linati mawaya akale amaduka."

"Munkadziwa?"

"Tsamba fotini, atate."

"Ndipo osandiuza?"

"Simunafunse."

A Fanwell anapuma kawiri kuti asachimwe tsiku loti mawa lake nkulandira Ukaristia. Kenako anaona timapepala tomata tomwe Terence anabwera nato, tolembedwa zilembo. Anamatula ka G, nakamata pamene chala chawo chakhala chikudina zaka zonsezi.

"Basi, G ndi uyu. Peggy akafunsa, ndimuonetsa. Kuwerenga amadziwa."

"Adzazindikira, atate. Ali ndi pulogalamu yomweyi pa foni yawo."

"Anamupatsa ndani nzeru imeneyo?"

"Ine."

"Inu?"

"Tsiku la ubatizo wa mdzukulu wanu anandifunsa ngati gitala ili bwino. Tinali pakhomo la tchalitchi. Sindikanatha kunama."

"Mukanasuntha pang'ono nkukanamira pamsewu."

"Sindinaganize, atate."

"Ndiye njoka ndaiweta ndekha, ndaipatsanso mwana wanga. Chabwino. Poti mumadziwa zonse, gitalayi akufuna kupatsa ndani?"

Terence anayang'ana nsapato zake. "Ine."

"Inu a ku Kanini ku Ndola?"

"Akuti maminibasi a ku Kitwe amayenda ndi Lamlungu lomwe."

Akanakhala mlendo, a Fanwell akanapirira, koma kulandidwa mpando ndi munthu amene anabwera pakhomo pano chogwada kudzapempha Leah! Komabe ndi munthu wamkulu. Anamanga waya watsopano uja mwakachetechete, naika gitala pamphasa, naikankhira kwa mkamwini ndi phazi.

"Tengani. Imbani yolowera Misa, ndimve amene akundilowa m'malo."

Terence sanaikhudze. "Nyimbo zili pa phunziro la fote, atate."

"Inu muli pati?"

"Pa leveni."

"Munayamba liti?"

"Chaka chatha, Malichi."

"Ndiye mwaimbapo nyimbo zingati?"

"Buku likuti munthu asaimbe asanadziwe khosi lonse. Ine ndikulidziwa. Mawaya sikisi, mizere thwelofu, malo sevente-thu. Mungandifunse paliponse."

"Ndafunsa nyimbo."

"Palibe, atate."

"Peggy akudziwa?"

"Anangondifunsa ngati G ndimamudziwa. Ndinati inde."

Apa Terence anatsika pakampando nagwada, thukuta lili kamukamu. "Nchifukwa chake ndabwera. Ndikufuna mupambane. Mukalephera mawa, ndiima ine pamaso pa mpingo wonse, Leah ali benchi loyamba ndi mwana."

A Fanwell anatsamira pampando. Dzanja lokwapulidwa lija linaleka kuwawa pomwepo, ndipo anamva kukoma mpaka m'zala za kumapazi.

"Ine G sindimudziwa, mkamwini, mwaona nokha. Mawa ndikhala pafupi ndi Leah. Peggy akati G, mumupatse. Akafuna wina, muli nawo sevente-wani otsala. Akafuna nyimbo, nyumba yanga amaidziwa."

"Chonde, atate. Imodzi yokha. Yaifupi."

"Mukufuna ndikuphunzitseni?"

"Inde, atate."

"Zimitsani foniyo."

Terence anazimitsa, natambasula manja kuti anyamule gitala. A Fanwell anatola kandodo kaja nagogoda pamphasa.

"Isiyeni. Tsegulani pakamwa. Phunziro loyamba ndi sayirini. Nyimbo zili pa fote."