Bambo Yotamu Kachingwe ndi Mtanda wa Mwala

Abale ndi alongo, nthawi yakwana 11 koloko, kunja chipale chofewa chikugwabe, ndipo a kumanda atipempha kuti tisachedwe. Choncho mbiriyi ndiiwerenga mosazungulira.

Malemu Bambo Yotamu Kachingwe anabadwa pa 9 Juni 1947 ku Linthipe, m'boma la Dedza. M'mimba mwa mayi awo anabadwa atatu: iwo, mlongo wawo Phyllis amene anali mkazi wanga, ndi mng'ono wawo Webster. Awiriwa anatsogola kale.

Pulayimale anaphunzira kumishoni, sekondale ku Dedza komweko. Mu 1968 anasankhidwa kupita ku yunivesite, komwe anaphunzira mbiri yakale. Mu 1972 anayamba uphunzitsi, ndipo mu 1974 anamanga banja ndi Mayi Mathilda, namwino, amene akhala patsogolo apawa. Mu 1977 anapeza mwayi wokapitiriza maphunziro ku Germany. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi munthu amene anakhala naye moyo wawo wonse, ngakhale kuti munthuyo anali atamwalira zaka mazana asanu zapitazo.

Dzina lake anali Ulrich, mfumu ya dera la Tannbruck. Mfumu yotere kumeneko amati Graf. Amene munadyapo pakhomo pa malemu nkhaniyi munaimva, mwina mpaka ndiwo kuzizira, koma lero muimvenso, pakuti popanda iyo simungamvetse chifukwa chake tikuwaika kuno osati kwawo.

Ulrich anabadwa mu 1391. Bambo wake atamwalira, dziko analigawa pawiri. Iye anatenga linga la miyala paphiri ndi nkhalango. Mng'ono wake Dietrich anatenga mtsinje, chigayo cha madzi ndi mlatho umene amalonda onse ankadutsapo. Ulrich akasuzumira pawindo la linga lake ankaona ngolo zikuwoloka mlathowo, mtima n'kumamudya. Nkhondo ya abale awiriwa sinali yokumana maso ndi maso. Aliyense ankasaka alimi a mnzake. Anyamata a Ulrich ankatsika mbandakucha, kutentha nkhokwe, kudula mphesa m'tsinde, kudula ng'ombe mitsempha ya miyendo n'kuzisiya zikulira m'khola. A Dietrich pobwezera anagwira odula mitengo a Ulrich n'kuwadula manja. Mu 1419 anthu a mudzi wina anathawira m'tchalitchi, Ulrich n'kulamula kuti atseke chitseko ndi mtengo ndi kuyatsa denga. Mu 1423 anakumana ndi mng'ono wake pamlatho paja, n'kumutema ndi nkhwangwa pakati pa mutu.

Tsono kumeneko kunali mwambo. Wopha munthu, akafuna kuti mwazi uleke, ankasema mtanda wa mwala, kujambulapo chida chimene anaphera, n'kukauimika yekha, wopanda nsapato, pamalo pamene wophedwayo anagwera. Kenako ana a wophedwa ankaika manja pamwalapo n'kulumbira kuti sadzabwezera. Ulrich anakana kwa zaka zisanu ndi zinayi. Pamene amavomera, midzi inali itasanduka mabwinja, minda itamera tchire. Anamwalira mu 1448 wopanda mwana, ndipo dziko lonse linapita kwa ana a Dietrich yemweyo. Malemu anauona mtandawo m'mbali mwa msewu, nkhwangwa ikuonekabe. Ankakonda kunena kuti, "Mwala uja si wolemera. Chimene chinamulemera Ulrich n'kuvula nsapato."

Mu 1984 banja linasamukira kuno ku Toronto. Ntchito ya uphunzitsi wa ku yunivesite imene ankayembekeza sinapezeke. Anagwira ntchito yonyamula makatoni ku Etobicoke, pafupi ndi bwalo la ndege, kenako analembedwa ku laibulale ku North York, komwe anagwira mpaka kupuma. Sanadandaulepo pamaso pa anthu.

Mu 1998 zimene ankawerenga m'mabuku zinalowa m'nyumba mwawo. Kumudzi kuli dimba la agogo awo aakazi, m'mbali mwa mtsinje. Mwa mwambo wathu dimbalo ndi la mbumba, limatsata akazi. Koma amalume awo analilima zaka zambiri, ndipo atamwalira, mwana wawo Laston anati ndi la bambo ake. Tsiku lina m'mawa Webster anapeza khonje wa m'malire atazulidwa. Ali chiweramire kumubzalanso, Laston anamutema ndi chikwanje pakhosi. Webster anafera mumzere wa kabichi, madzi a m'ngalande ali psuu.

Laston anakakhala kundende, koma mwazi sunaume. Ana a Webster anatentha nkhokwe za a Laston. A kwa Laston anatema ng'ombe zitatu miyendo. Mu 2001 mnyamata wina anataya diso pamaliro, pamaso pa abusa. Mu 2003 nyumba inapsa muli mwana wa zaka zinayi, ndipo mwanayo ali ndi zipsera kumsana mpaka lero.

Mu Julayi 2004, Laston atatuluka, malemu anapita kumudzi. Anasonkhanitsa mbali zonse ziwiri padimba pomwepo, n'kuwafotokozera za Ulrich. Anapempha Laston kuti aseme mwala, ndi ana a Webster kuti adzalumbire. Anthu anaseka, amvekere za kwa azungu zawazunguza mutu. Laston anati mlandu anaulipira kale kundende. Mawu anakwera, zikwanje zinatuluka m'matumba, ndipo malemu analowa pakati manja ali m'mwamba. Chikwanje china chinawapeza pamwamba pa khutu lamanzere. Anawanyamula pangolo, malaya atanyowa mpaka m'chiuno.

Anabwerera kuno khutu litagontha, mutu ukuwawa, ndipo anayamba kumakomoka. Amene anawatema, malemu anamuona bwinobwino. Apolisi anafunsa, akazi awo anafunsa, ine mlamu wawo ndinafunsa. Yankho linali limodzi: "Ndikatchula dzina, mawa kuli maliro."

Mwana wawo Mark, amene amayendetsa basi mumzinda uno, zimenezi sanazilandire. Anakulira kuno, Chichewa chake n'cha apo ndi apo, koma mawu akuti "ndikawaonetsa" anawaphunzira bwino. Ananena poyera kuti tsiku loperekeza thupi la bambo ake kumudzi, a kwa Laston adzamudziwa. Malemu ankamuseka, amati, "Iwe Mark, chikwanje ukachigwira ndi magolovesi ako a pabasiwo?" Koma usiku tulo sankagona. Ankadziwa kuti mwana wawo akapita adzapha kapena adzaphedwa. N'chifukwa chake mwezi wathawu, ali m'chipatala, analamula pamaso pa akazi awo ndi abusa kuti aikidwe kuno. Munthu amene ankalota za kwawo tsiku ndi tsiku anasankha kugona m'dothi lachilendo kuti maliro awo asabale maliro ena.

Malemu anatisiya pa 12 Febuluwale 2007, m'bandakucha. Tsiku lomwelo Mark anagula tikiti ya ndege, akuti thupi lisapite koma iye apita.

Lachinayi lapitali Mayi Agnes, amasiye a Webster, anaimba foni. Anati uthenga wa imfa utafika, Laston anafunsa ngati malemu anatchula dzina la amene anawatema. Atamva kuti ayi, anati, "Munthu wabisa dzina la wina mpaka kufa nalo, ine langa ndibisiranji?" Anapita kuphiri, anasema mwala masiku atatu, n'kuukoka yekha mpaka kudimba, mvula ikugwa, wopanda nsapato, mapazi akuchucha magazi. Pamwalapo pali mtanda, chikwanje, dzina la Webster, ndipo m'munsi anasemapo lake. Ana a Webster anaikapo manja. Mayi Agnes anapempha kulankhula ndi Mark, n'kumuuza kuti dzanja latsala ndi lake lokha. Malemu mwalawo sanauone.

Asiya akazi awo Mayi Mathilda, ana awiri, Mark ndi Mercy, ndi adzukulu atatu. Banja likuthokoza anamwino amene anawasamalira, a mpingo, abale athu Achisilamu motsogozedwa ndi a Nasser amene anachotsa chipale pakhomo sabata yonse, ndi anzathu a ku Zambia ochokera ku Hamilton amene agona pano.

Mark wandilola kunena ichi. Tikiti ija waibweza dzulo. Kumudzi adzapita m'chilimwe pamodzi ndi mayi ake, kukaika dzanja pamwala. Mawa 5 koloko m'mawa ali pa shifiti, akuyendetsa basi yake.

Alamu anga, a Kachingwe, pumulani tsopano. Mzimu wanu uuse mumtendere.