Foni Isazime Ndisanamve

Pa siteji ya basi, mayi wina ankadandaula akuyang'ana foni yake. Bambo amene anaima pambali pake anasuzumira.

"Ndatchaja usiku wonse, koma taonani, batire latsala pang'ono kutha," anatero mayiyo.

"Chepetsani kuwalako, mayi. Kukuchita kuthobwa m'maso."

"Ndachepetsa. China?"

"Zimitsani intaneti. Mavidiyo a m'magulu ndi amene amadya moto."

"Ndazimitsa. Mwana wanga ndi woyembekezera, matenda amuyamba m'mawa. Ndikupita kuchipatala konko, koma mkamwini anati andiimbira akangochira. Foni iyi siizima ndisanamve!"

"Ikachita makani, tiika layini yanu mu yangayi."

"Nanga basi yanu ikabwera, bambo?"

"Ipite. Ndikwera ina."