Phala la mlendo wathu wa ku Kongo

Omvera anzanga, chaka cha njala chija ndinali ku yunivesite, chipinda chimodzi ndi mnzanga wochokera ku Kongo. Tchuthi chitayamba anatseka mahositelo osamukonzera pokhala, choncho ndinamutengera kwathu kwa Kalembo.

Tsiku lililonse amayi ankamuikira phala la madeya m'nyumba, payekha, monga timachitira ndi mlendo. Mnzangayo akawaitana kuti adye nawo, amayi ankati, "Iyayi bambo, idyani, ife tadya kale." Iye ankamaliza lonse poganiza kuti akuwalemekeza. Sankadziwa kuti kwathu mlendo amasiyako, kuti wophika alaweko. Ineyo ndinkadziwa zimenezi, komanso kuti amayi ankagona ndi njala, koma manyazi ananditseka pakamwa.

Amayi anatisiya chimanga chisanakhwime. Mpaka lero mnzangayo akandiimbira foni amawayamikira chifukwa cha phala lija. Sindinamuuzebe.