Mitengo Iwiri Yoyenda M'nkhungu

Abusa, ndakupatsani moni. Akulu ampingo, amayi uko, abambo uku, ndi inu achinyamata kumbuyoko amene mwayamba kale kuseka ndisanatsegule n'komwe pakamwa, mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse. Ndikudziwa mukudabwa kundiona kutsogolo kuno. Ine malo anga ndi benchi ya pakhomo ija, pamene munthu umatuluka osaoneka. Koma lero ndikufuna kuchitira umboni, ndipo mundipirire.

Kwa alendo, ine ndine mwini wa pikapu yoyera yakale ili panjapo. Kuyerako ndi kwa m'mapepala, mtundu wake weniweni ndi fumbi. Ndi imene imakutengerani mbatatesi ndi kabichi ku Mayani tsiku la msika.

Zaka zinayi zapitazo, mwezi wa Juni, ndinanyamuka m'mawa ndili ndekha, kumbuyo kuli matumba. Dzuwa linali litatuluka, koma m'mapiri mwathu muno mukudziwa, nthawi yozizira dzuwa limatuluka pa wotchi pokha. Nkhungu inali itatsika kuchokera ku Chongoni, kunja kuli mbuu, boneti ya galimoto yanga yomwe ndikuiona theka. Sindinkathamanga, Mulungu ndi mboni. Ndinayatsa magetsi aakulu, ndipo woyendetsa aliyense akuuzani kuti m'nkhungu magetsi aakulu amangokumangira khoma loyera patsogolo.

Potsetsereka pena, pafupi ndi manda a mudzi wina umene sindiutchula, ndinaona mitengo iwiri pakati pa msewu. Yowonda, yowongoka. Mumtima ndinati, ndani waimika mitengo mumsewu? Kenako umodzi unanyamuka n'kuponda patsogolo.

Abale, mtengo unaponda.

Buleki ndinaigwira mochedwa. Gwa! Ndiye chinthu chinagwa kuchokera kumwamba, m'nkhungu mwenimwenimo, n'kudutsa pambali pa galasi langa, nsanza, nthenga, chinkhope chofiira. Khu, m'ngalande. Anali makanja. Obadwira kuno mukuwadziwa, chilombo cha gule chachitali chija choyenda pa mitengo. Kumudziko kunali mwambo, ndipo zilombo zinali kubwerera kwawo kumanda.

Ndisamale pakamwa, muno muli ana, komanso ambiri a ife tili ndi amalume ndi achimwene kumeneko. Sindinabwere kudzanyoza munthu. Ndingonena zimene makutu anga anamva. Nditatsika, uku ndikuitana Yesu, ndinamva kubuula m'ngalandemo. Ine ndaweta ng'ombe, ndaweta mbuzi, kulira kwa nyama ndimakudziwa. Kumene kuja sikunali kwa nyama.

Ndisanafike pangalandepo, m'nkhungu munatuluka amuna, asanu kaya asanu ndi mmodzi, n'kuima pakati. Sanandimenye, sanatukwane. Bola akanandimenya. Wamkulu wawo anangoti, "Bambo, kwerani galimoto muzipita."

Ndinati, "Tiyeni timunyamule, kuchipatala si kutali."

Iye anati, "Timunyamule ndani? Pano palibe munthu. Inu mwaona munthu?"

Ndinakwera galimoto, abale. Ndinakwera, ndinapita, ndinakagulitsa mbatatesi.

Patapita masiku atatu, m'mudzi womwewo munagwa maliro. Bambo wachinyamata ndithu, wosiya mkazi ndi ana awiri. Nanga bokosi kwa kalipentala akanakatenga ndani? Pikapu m'dera lonseli ndi imodzi. Ndinalinyamula ine. Ndinaliyendetsa pang'onopang'ono, n'kudutsa nalo pamalo pomwe paja. Pamaliropo ankati anadwala. Ine mumtima ndinati, nanga akananena chiyani?

Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa chinthu chimodzi: ndapha munthu.

Mwina wina akuti, bwanji osapita kupolisi? Ndikanene kuti ndagunda ndani? Wodandaula ali kuti? Bwanji osakapepesa kubanjako? Ndikayambe bwanji, pamene iwo akuti anadwala? Ndinapita kwa amalume anga, amene ndi a kugule, ndinawafunsa mozungulira. Iwo anati, "Mphwanga, iwe unasankha buku la kutchalitchi. Chilombo chilibe dzina, chilibe mayi. Usadzandifunsenso." Mwaona? Mlandu unalipo, koma woti ndimupepese kunalibe. Ndipo akuluakulu sananame, mlandu suola.

Akazi anga, amake Tiyamike, ali apo. Nawonso sindinawauze.

Chimene chinandigwira pambuyo pake, sindikudziwa dzina lake. Chilichonse cha miyendo iwiri yaitali chinkandiumitsa thupi. Zigoli za pabwalo la mpira pasukulupo. Mitengo ya bulugamu iwiri yoyandikana. Mapolo a chingwe choyanikira zovala pakhomo panga pomwe. Masana dzuwa likuswa mtengo, ine ndikuyendetsa, ndimangoyembekeza kuti umodzi unyamuka. Ena a inu munagundapo mitu kumbuyo kuja ndikugwira buleki popanda chifukwa, munkati, "Adalaiva, mwaona chiyani?" Ndinkati mbuzi. Mundikhululukire, panalibe mbuzi.

Tsiku la msika mkazi wamasiye uja ankaima pamsewu ndi dengu lake. Ndinkamudutsa, galimoto ili ndi malo, nkhope ndatembenuzira kwina. Ameneyo mpaka lero ayenera kuti amati ndine wonyada.

Ndiye popeza mtima sindikanatha kuukonza, ndinayamba kukonza galimoto. Ndinaika hutala ya lole, ija imakudzidzimutsani m'minda. Ndinasintha mphira zopukutira galasi, zakalezo zisanathe. Ndinawonjeza magalasi oonera m'mbali, ndinamata timapepala tonyezimira kutsogolo ndi kumbuyo. Loweruka lililonse ndili pansi pa galimoto ndi sipanala. Amake Tiyamike anachita kundifunsa, "Kodi bambo, galimotoyi mukufuna kuikwatitsa?" Inde sekani, nanenso ndinaseka. Koma ndinkati ndikamangapo kanthu, mtima ukhala pansi masiku awiri, lachitatu mitengo yayambanso kuyenda.

Chaka chino, kuzizira kutayandikira, ndinagula ku Lilongwe magetsi awiri achikasu a m'nkhungu, ogwirapo kale ntchito. Ndinati amenewa ndiye atha nkhani. Kwa amakaniko sindinapite, ine mwini kudziwa zonse. Ndinawamanga pamwamba penipeni, pachitsulo cha kuseri kwa denga, poganiza kuti wokwera pachulu ndiye amaona patali. Waya ndinatenga wotsala polumikiza sola kunyumba. Kuchokera ku batire, kulowa pakabowo ka chitsulo, kufika pa swichi, basi. Fyuzi? Ndinati n'zochedwetsa. Polumikiza ponse ndinakulunga ndi mapepala a shuga n'kumanga ndi malegeni.

Tsiku loyamba la nkhungu ndinawayatsa ndi chimwemwe. Abale, khoma lija linangosintha mtundu, loyera lija n'kukhala lachikasu. Sindinaone kalikonse. Ndipo tisanayende patali, kunayamba kununkha mphira yopsa. Waya uja anali atakhuzika pachitsulo. Utsi uli tolo pansi pa chiwongolero, amayi ena kumbuyo kudumpha galimoto isanaime, tomato mbwee mumsewu. Ndinathamangira kukazula waya ku batire ndi manja, chipsera chake ndi ichi. Nditakhala pambali pa msewu ndinati, Ambuye, mmodzi sanakwane kodi? Ndikufuna ndiphe angati?

Mawa lake ndinadzichepetsa. Ndinapita nayo kwa mkulu wina wa zamagetsi a galimoto, pamsika wina kutali ndi kuno. Ndinamupeza atakhala pa batire lakufa pansi pa kashedi, akulumikiza mawaya. Munthu wa msinkhu wanga, wosalankhula zambiri. Sanadzuke. Anangosendeza mpando wake wa batirewo kufupi, n'kusuzumira zimene ndinachita. Anapukusa mutu. Anati, "Achimwene, amene anakulumikizirani izi amakufunirani zabwino?" Ndinati ndi mnzanga wina. Anati, "Muzimuopa."

Anandituma ine kukwera pamwamba kukamasula magetsi aja. Ndili pamwambapo ankandiphunzitsa. Anati, "Nkhungu siigona pansi penipeni, imayandama. Pansi pamatsala kampata. Magetsi awa malo ake ndi pa bampala, ayang'ane pansi, kuti muziona m'mphepete mwa msewu ndi mapazi a chimene chili kutsogolo." Anachotsa zanga zonse. Anaika waya wokhuthala, fyuzi pafupi ndi batire, mphira pakabowo paja kuti waya asakhuzikenso. Waya wakuda anamumangirira pachitsulo cha galimoto, atayamba wapala dzimbiri.

Pofuna kumanga magetsiwo pa bampala, zitsulo zake zinakana kukhala bwino. Bampalayo inali yopindika malo awiri. Zonse ndinakonza pagalimoto ija, koma pamenepo pokha dzanja langa linkakana.

Mkuluyo anayendetsapo chala, uku ndi uku. Anati, "Inagunda chiyani? Pawiri chonchi, ngati mwachita kuyeza."

Ndinati, "Mitengo."

Osandiyang'ana, anati, "Yoima kapena yoyenda?"

Abale anga. Abale anga. Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo, ndipo zimene ndinabisira mkazi wanga zaka zinayi ndinaziulula kwa munthu wosamudziwa. Zonse, mpaka bokosi lija. Ndinalira ngati mwana, anthu akudutsa ndi njinga zawo. Iye ankangosenda waya ndi mano, n'kumalavula timphira.

Nditatha anati, "Za zilombo ife sitikamba ndi anthu a buku. Koma nkhani zimayenda, nanenso ndili ndi makutu. Ndinamva kuti chaka chimenecho chilombo china chinagwa potsetsereka pamene mukunenapo. Ndinamvanso kuti woyendetsayo sanathawe. Anatsika, akuitana Yesu wake, n'kunena za kuchipatala."

Ndinati, "Nanga maliro aja?"

Anati, "Bambo uja chinamutenga ndi chifuwa. Anagona pamphasa kuyambira nthawi ya zitheba. Tsiku limenelo kuima kokha sakanatha."

Ndinati, "Ndiye chilombocho chilipo? Chikuyenda?"

Anati, "Chikuyenda. Kuvina kokha ndiye chinasiya."

Atatero anati ndidikire atenge hamala. Anagwira bampala, anadzikoka, anaimirira. Ndi pamene ndinamuona koyamba akuyenda. Mwendo wamanzere sunkapinda, ankachita kuukoka, n'kumasiya kamzere pafumbi kuchokera pagalimoto mpaka m'kashedi.

Sindinafunse. Iyenso sananene. Mwina anagwa panjinga, mwina anabadwa choncho, ine sindikudziwa, ndipo inunso simukudziwa. Wina asatuluke muno n'kuyamba kuzungulira m'misika kufunafuna munthu wotsimphina, chonde, ndagwira mwendo wanu.

Atabwera ndi hamala ija, ndinatambasula dzanja kuti ndilandire. Anakana. Anati, "Iyi ndiwongola ndine." Anagwada movutikira, mwendo uja atautambasulira kumbali, n'kuyamba kumenya. Ine ndili chiimire. Ndinati, "Akulu, ngati mungadzakumane nacho chilombocho, mukachiuze kuti munthu uja akuti pepani. Akuti pepani kwambiri."

Anamenya kawiri, katatu. Anaika getsi lija, linakhala bwinobwino. Anati, "Chamva."

Madzulo ake ndinawauza amake Tiyamike zonse. Anandiyang'ana, misozi ili mbwembwembwe. Anati, "Bambo a Tiya, uja wa chifuwa uja? Ife amayi tinkapita kukamuona, ineyo ndinamuphikirapo phala kawiri. Zaka zinayi, osandifunsa?" Yankho linali m'nyumba mwanga momwe, likugona pambali panga.

Sindikunamizani kuti zonse zayera. Kwinakwake kuli mwendo umene sudzapindanso, ndipo galimoto yake ndi yanga. Nkhungu ikatsika, thupi limachitabe tsemwe. Chimenecho ndiyenda nacho mpaka kumanda, ndavomera. Koma magazi a munthu m'manja mwanga mulibe. Ndinkadziyesa wakupha, Mulungu wandionetsa kuti sindine. Ndinkati woti ndimupepese kulibe, Mulungu wandipezera khutu lomva, ndipo walipeza kumene ine wa buku sindikanayang'ana.

Zikomo Ambuye. Zikomo abusa pondipatsa mpata. Zikomo amake Tiyamike popirira mwamuna amene ankakhala nanu thupi lokha.

Akulu ampingo, mwakhala mukundinong'oneza chaka ndi chaka kuti bwanji mbale ya Mgonero ikafika pa ine ndimaipatsira mnzanga. Ndinkati sindinakonzeke. Tsopano mwamva chifukwa chake. Tebulo ndaliona lakonzedwa apo. Amayi, ndithandizeni nthungululu, abambo ombani m'manja, kondwerani nane, pakuti lero mbale ija ikafika pa ine, nditambasula dzanja. Amen.