Ndinaletsa anthu kusonkhana pamaliro

Aulutsi, ndine mayi wa ku Kanyama, wapampando wa amayi kutchalitchi kwathu. Dzina langa lisamveke.

Chaka chomwe kolera inavuta, madzi a mvula atadzaza komboni yonse, a zaumoyo anandipeza pakhomo. Anati, “Amai, ise bantu satimvera, bamvera imwe ba kutchalitchi. Bauzeni baleke kusonkhana pamaliro.”

Ndinavomera, poti ndinaona kuti ndi ntchito ya Mulungu. Ndinavala yunifomu yanga n’kuyenda khomo ndi khomo m’matope: osasambitsa mtembo, osaphika, osagona pamaliro. Ena ananditukwana, chifukwa ndine ndinkayambitsa nyimbo pamaliro alionse.

Kenaka amuna anga anayamba kutsegula m’mimba. Anatengedwa kukalandira thandizo, sanabwererenso. Anaikidwa ali m’thumba la pulasitiki ndi anthu ovala magolovesi, ine ndikuonerera patali.

Nditafika kunyumba ndinatulutsa mipando panja, monga timachitira kuti olira apeze pokhala m’nyumba. Ndinayala mphasa n’kukhala. Sipanabwere munthu. Mnzanga wa kwaya anangoima tsidya la ngalande.

“Ba mai, tili na imwe,” anatero. “Koma munatiuza mweka, ndimwe munatiletsa kusonkhana.”

Ndinangogwedeza mutu. Sindinalire, ndipo mpaka lero misozi sinatuluke. Kutchalitchi ndimapitabe, nyimbo ndimayambitsabe, koma mumtima muli zii.

Mumzere wa nyumba zathu simunafenso munthu. Anthu amati ndinapulumutsa ambiri. Mwina n’zoona. Chomwe ndimakumbukira ine n’chakuti dzuwa litapendeka, mipando ija ndinailowetsa ndekha.