Kusala Kudya Kumene Kunali Matenda

Abale ndi alongo, ine ndinali katswiri wosala kudya. Kwathu ku Mphamba amayi a mumpingo ankanditcha NyaPhiri wa mapemphero. Tsiku losala, pofika masana anzanga ankakhala akuyasamula, mimba zikulira. Ine ndinkangoyandama ngati utsi, mutu uli pepuu, nyimbo zikumveka chapatali. Ndinkati ndi Mzimu, ndipo ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Koma ine njala sindinkaimva n'komwe. Ndinabadwa ndi matenda a magazi aja a siko selo, ndipo kuyambira ndili mwana chakudya ndinkangochiyang'ana.

Chaka china, dzuwa likuswa mtengo, tinasala osamwa ndi madzi omwe. Ululu unandigwira m'mafupa tili pakati pa nyimbo. Anandinyamula pangolo mpaka kumsewu, kenako kuchipatala ku Lundazi. Magazi anali atatsala pang'ono.

Ndili pabedi ndinalota masanasana. Ndinali m'munda, mvula itangokata kumene, nthaka ikununkhira. Munthu wovala zoyera anakhala pamzere akusenda mtedza wowiritsa, n'kumandiikira m'manja. Ndinkadikira kuti anditamande. Iye anangoti, "Idya."

Nditatsitsimuka, dokotala anakhala pambali panga. "Amama, m'thupi muli mahomoni yamene yamaitana njala. Siko selo imatupitsa mkati, ndiye kuitana kwao sikumveka bwino. Imwe simusala, mudwala. Mukapitiliza, tizakutayani."

Ndinalira kwambiri. Ulemu wanga wonse unali matenda, ndipo ndinatsala pang'ono kuufera.

Ndinayamba kudya pang'onopang'ono, ngakhale pakamwa pasakufuna. Mankhwala sindidumphitsa. Mpingo ukamasala, ndimakhala kumbuyo ndi botolo la madzi ndi mbatata m'kansalu. Poyamba manyazi ankandigwira, chifukwa anzanga amene kale ndinkawaseka akamamva njala ankacheuka.

Ndiye m'mawa wina mnansi wanga ankakazinga mtedza. Fungo linadutsa mpanda, mimba yanga n'kulira. Ndinaima ndi tsache m'manja, osamvetsa. Kenako ndinagwada pafumbi pomwepo, ndikuseka, misozi ili chuchuchu.

Alemekezeke Yesu amene sanafune nsembe ya mafupa anga! Ngati muli ndi mwana wongoyang'ana mbale, musamutche wamwano kapena woyera. Pitani naye kuchipatala, ndipo bwerani naye kwa Iye amene anandiuza kuti ndidye.

Inu mumayamika Mulungu mukakhuta. Ine ndimamuyamika ndikamva njala. Ameni.