Dzina la Ashagre pa Mwala wa Ababa Gobeze

Olemekezeka mkulu wa boma lathu lino, olemekezeka ansembe a tchalitchi cha Mikaeli Woyera, olemekezeka asilikali akale amene munamenya nkhondo ku Korea pamodzi ndi malemu, nonse atatu otsalanu, khalani pansi, mawondo amenewo anagwira kale ntchito yawo, aphunzitsi, alongo anga ndi azing'ono anga, ana a Ababa Gobeze, amayi ndi abambo nonse a muno mu Fiche, ndakulonjerani.

Mawuwa ndinakhala pansi kuwalemba Lachinayi, nthawi ya 9 koloko m'mawa, ndipo ndinadzuka pampandopo dzuwa litapendeka, pakuti sukulu ndinalekera kalasi yachitatu ndipo cholembera chimandimvera mokakamiza. Amene anaganiza zoti nkhalamba yotereyi ndiyo itsegulire nyumba yowerengeramo mabuku, Mulungu amukhululukire.

Ababa Gobeze anakhala ndi moyo zaka 97. Anagwira mfuti ali mnyamata, anagwira khasu mpaka msana unapindika, analera ana asanu ndi atatu osakwezapo dzanja pa mmodzi yemwe. Kutsokomola kwawo kokha kunkatikwanira. Mwa anawo woyamba ndine. Koma mwana amaitanidwa ndi dzina la bambo wake, ndipo mwamva mmene andiitanira pano: Tiruwork Ashagre.

Tsiku londilembetsa sukulu, mphunzitsi anafunsa dzina. Ndinayankha mokweza, "Tiruwork Gobeze!" Ababa anaika chala pa kaundula.

"Lembani Ashagre."

"Ashagre ndani?" ndinafunsa.

"Bambo ako."

"Nanga inu?"

"Ine ndine wokugulira kope. Tiye."

Anzanga ananditcha mwana wotola. Ndinakana kudya injera, chakudya chathu cha tsiku ndi tsiku, masiku awiri. Tsiku lachitatu njala inapambana, koma mkwiyo ndinausunga mpaka m'mawa wa ukwati wanga. Pamenepo ndinawayang'ana m'maso n'kunena kuti, "Ababa, lero mukundipereka ngati ndani wanu? Dzina lanu munandimana."

Anandikhazika pansi. Ashagre, anatero, anali mnzawo wa dzenje limodzi ndi bulangete limodzi ku Korea kuja. Chipolopolo chitamupeza, Ababa anamubereka kumsana kutsika naye phiri, ndipo ali kumsanako anati, "Gobeze, mkazi wanga ndinamusiya ndi pakati. Dzina langa lisathere kuno." Sanafike naye wamoyo. Atabwerera kuno anapeza mayi anga atamwalira pochira, ndipo ananditenga ine, iwo asanakwatire n'komwe.

"Mwana wanga," anatero, "dzina langa lili ndi anyamata asanu olinyamula. La Ashagre lili ndi iwe wekha. Ukalitula pansi, ndiye kuti ndinamusiya paphiri paja."

Tsopano imvani za sabata yatha. Anandionetsa mwala umene uli kuseri kwa nsalu iyo, pomwe pali mayina a ana a malemu. Ndimawerenga mochedwa, koma ndimafika. Ndinapeza asanu ndi awiri okha, langa panalibe. Wosema mwalayo anaona Ashagre mmodzi pakati pa a Gobeze, n'kuganiza kuti wolemba anaphonya, n'kulidumpha. Mlongo wanga Shiferaw, uyo akuyang'ana nsapato zakeyo, anafika kwanga thukuta lili kamukamu.

"Achemwali, pepani. Malo alipo pamwambapo. Tikulembeni Tiruwork Gobeze, tonse tifanane, anthu asamafunse."

Sindinganame pamaso pa ansembe: mtima wanga unalumpha. Dzina limenelo ndinalilirira ndili kamwana, ndinalilirira ndili mkwatibwi, ndipo wondiletsa anali atagona kale kumanda. Ndinamuthirira khofi m'kapu. Kenaka ndinati, "Iwe Shiferaw, ine ndinakusintha matewera, lero iwe ukufuna kundisintha dzina? Ababa analisunga zaka makumi asanu ndi awiri, iwe ulifufute tsiku limodzi chifukwa choopa mafunso? Afunse! Nanga nyumba ya mabuku si ya mafunso?"

Musamuseke. Anatero chifukwa chondikonda, ndipo iye mwini anakamudikirira wosema uja mpaka chilembo chomaliza cha dzina langa.

Olemekezeka nonse, ana anga amaitanidwa ndi dzina la bambo awo, monga mwa mwambo wathu. Ine ndikagona, dzina la Ashagre likanalowa nane m'manda, ndipo lonjezo limene Ababa analinyamula kuchokera kutsidya kwa nyanja likanathera pomwepo. Nsalu iyo ikachotsedwa muona kuti pamwamba pa ana a Gobeze palembedwa Tiruwork Ashagre. Mwana aliyense wolowa pakhomo apa adzaloza n'kunena kuti palakwika. Akatero musamukalipire, ndipo musamuyankhe mothamanga. Mukhazikeni pansi, mumuuze za msilikali amene sanasiye mnzake paphiri, ndipo mumutume kuti nayenso akauze wina. Pempho langa ndi lokhalo, ndipo aphunzitsi inu ndikuyang'anani.

M'dzina la bambo amene anandilera, ndi la bambo amene sindinawaone, ndikulengeza kuti nyumba yowerengeramo mabuku ya Ababa Gobeze yatsegulidwa tsopano. Shiferaw, koka nsaluyo.

Zikomo kwambiri.